Tsiku Limene Ndinabwereka Mwana

Zikomo amayi nonse, zikomo ndi abambo ochepa amene mwapanikizana pabenchi yakumbuyoyo. Andipatsa mpata woti ndikambe, ndiye ndikamba, ndipo sindikamba cham'khosi ayi. Inu awiri mwayamba kale kugundana zigongono pafupi ndi zenerapo, musavutike, ndikuthandizani. Ee, ndine yemwe uja. Ndine Nabanda wa kutsidya kwa dambo, amene munkamutcha amake Kachasu. Dzina limenelo ndinkalimva, musaganize kuti linkandidutsa. Koma lero tsegulani makutu: ine ndine amake Yotamu. Dzina limeneli ndinalitaya ndekha ndi pakamwa pangapa, ndipo ndinalitolanso ndi thukuta. Wofuna kundilandanso abwere ayese.

Ndaima pano chifukwa ndikudziwa kuti muno muli ena amene mwana wanu sagona pakhomo panu, ali kukhola kwa eni. Sindikulozani chala. Mukudzidziwa nokha.

Bambo ake a Yotamu atamwalira, ndinatsala ndi kamwana kamodziko, khasu ndi nyumba yodontha. Ndinayamba kutcheza kachasu kuti tizipeza mchere ndi sopo. Nanga wotcheza salawa? Umalawa mutu kuti umve ngati ukuluma, umalawa wapakati, umalawa ndi wotsiriza womwe. Mvula isanabwerenso, kasitomala wamkulu wa mowa wanga ndinali ine mwini wake. Ndinkaphika ndikakumbukira, ndipo kukumbukirako kunali kwa apo ndi apo. Yotamu anaphunzira kuima pafupi ndi makomo a anthu nthawi ya chakudya, akuyang'ana kumbali ngati wangodutsa. Yunifomu itang'ambika, sukulu inathera pomwepo.

Ndiye kunabwera alongo anga a Lufeyo, eni mbumba, amalume ake a mwanayo. Anakhala pampando wanga, anamwa mowa wanga, kenako anati:

"Mlongo, mwanayu akungozungulira m'mudzi. Cha ku Sinda kuli a Sakala, khola lawo ndi lodzaza, akufuna m'busa. Akaweta zaka zake adzabwera ndi msoti wa ng'ombe. Ng'ombe pakhomo pano, mlongo! Nafenso tinakulira kuubusa komweko, tinafa?"

Mukuudziwa mchitidwe umenewu, sindikukuphunzitsani. Mwana amapita kukaweta ng'ombe za eni, amadya komweko, amagona komweko, zaka zimene munapangana zikakwana amamupatsa ng'ombe yake. Yotamu nthawi imeneyo mano ake akutsogolo anali atangoguluka, atsopano asanatuluke bwino. Ndinavomera. Sindinafunse kuti akagona pati, sindinafunse kuti akadwala adzamuona ndani. Anamukweza panjinga ya amalume ake atafumbata timalaya take m'pulasitiki, ndipo anandiyang'ana mpaka pokhota njira. Ine panali anthu akudikira mowa, ndinabwerera kumbiya.

Sindinapiteko. Ndikweze mawu kuti akumbuyo amve: sindinapiteko ngakhale kamodzi. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Wina akandifunsa ndinkati ali pasukulu kwa abale.

M'mawa wina dzuwa litakwera, a Lufeyo anatulukira akuthamanga, nsapato imodzi ili kumanja.

"Mlongo, tapsa! Galimoto ya boma yaima kusukulu. Ndi awelofeya aja oona za ana, akufunsa za Yotamu. Akadziwa kuti tinamupereka kuubusa, tonse tikagona kupolisi, ndipo ng'ombe yapita!"

Mowa unandithera m'mutu nthawi yomweyo. Si tonse timamva kuti awelofeya ndi olanda ana, akakugwira sakusiya? Ndinayamba kuzungulira pabwalo osadziwa chogwira. Nzeru inachokera kwa a Lufeyo omwewo. Mng'ono wanga Ailedi ali ndi mwana wake Dalitso, msinkhu umodzi ndi Yotamu, wonenepa masaya, wa yunifomu yochapidwa. Tsiku limenelo amalowa m'kalasi masana, ndipo mayi ake anali kudimba.

"Timutenge Dalitso, akhale Yotamu kwa kanthawi," anatero a Lufeyo.

"Koma alongo, limenelo si bodza?"

"Bodza lili pati? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mng'ono wako wa bere limodzi! Sakutcha amayi aakulu? Akafunsa kuti uyu ndi mwana wanu, iwe nkuti ee, wanama chiyani? Anthu a ku boma ana athu amawadziwira kuti?"

Ha! Mwambi wabwinobwino tinaupinda mpaka unatikwana. Tinamugwira Dalitso, tinamudzoza mafuta, tinamubwereza kuti akafunsa dzina unene Yotamu, Yotamu, Yotamu. Mbiya ndi paipi yotchezera tinakazibisa m'chimanga. Ndinasesa pabwalo, ndinatafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke, ndinamanga duku yakutchalitchi imene inali isanaone tchalitchi kuyambira pa maliro. Ndinkadziona wochenjera, abale inu.

Galimoto inaima kumsewu pansi pa mtengo wa mango, chifukwa kanjira kathu kanakumbika ndi madzi. Kunatsika mayi wamfupi, atamanga chitenje pamwamba pa siketi, nsapato zafulati zoyera ndi fumbi. Ndinawapatsa mpando, iwo anakhala pamphasa.

"Ndine Mayi Tembo, ndachokera ku ofesi yoona za ana ku Katete. Talandira mawu okhudza mwana wanu Yotamu. Sindinabwere kudzakuweruzani. Ndabwera kuti ndione ndi maso anga, ndimvenso mbali yanu."

"Wakuuzani ndani?" ndinafunsa.

"Zimenezo sitiulula, amayi. Ngakhale inu mutadzatiuza za mwana wa wina, sitidzakutchulani."

Ndinakankhira Dalitso kutsogolo. "Yotamu ndi uyu. Muoneni, akuoneka wovutika? Anthu a pamudzi pano ndi nsanje basi."

Mayi Tembo anamuyang'ana mwanayo, sanatsutse. Anapempha kulowa m'nyumba. Anafunsa kuti mwana amagona pati, ine ndinaloza pakona, ndipo pakonapo panali matumba a gaga wotchezera mowa. Anafunsa malaya ake ena, ndinati ndachapa, koma pachingwe panalibe kanthu. Anafunsa kuti dzulo anadya chiyani, ine ndinati nyemba, a Lufeyo nthawi yomweyo anati kapenta. Mayiwo sanaseke, sanakalipe. Anangoti akufuna kucheza ndi mwana payekha, poti ndi mmene amachitira, pamalo poti tikuwaona koma sitikumva. Anapita naye pamthunzi, anakhala pansi kuti maso alingane, anacheza kanthawi. Dalitso pobwera anali atazolika, maso ali kuzala zakumapazi.

Mayi Tembo anakhalanso pamphasa, anandiyandikira, anatsitsa mawu.

"Amayi, ndikufunsaninso, ndipo musafulumire kuyankha. Kodi muli ndi mwana amene sali pano? Mukandiuza zoona, ntchito itipepukira tonse."

Apo mpamene Mulungu ananditsegulira chitseko, abale. Ndikanangoti ee, ali ku Sinda, ndinalakwa. Basi. Koma a Lufeyo anatsokomola kumbuyo kwanga, ndipo ine mukundidziwa, ndikapanikizika ndimakwera. Ndinaimirira, ndinadziguguda pachifuwa, ndinakuwa kuti ndi oyandikana nawo amve:

"Ine ndinabala mmodzi, ndi uyu! Ndilibe wina, kaya ku Sinda, kaya kuti! Amene mukumufunayo si wanga, kamufunireni amake kwina!"

Nditatseka pakamwa ndinamva ndodo ikugunda pansi, go, go. Ndinacheuka. Pafupi ndi nkhokwe panaima kamnyamata kowonda, tsitsi lofiirira, katavala malaya a munthu wamkulu ofika m'mawondo. Phazi limodzi linali lomangidwa bandeji yoyera yatsopano, kataliimika m'mwamba. M'miyendo munali mizere ya mkwapulo, ina yakale, ina yatsopano. Mano akutsogolo anali atamera, aakulu, mano amene ine ndinali ndisanawaonepo. Dzanja limodzi linagwira ndodo, linalo linafumbata kanthu m'malaya.

Mayo ine. Anali Yotamu.

Zimene sindinkadziwa ndi izi. Mayi Tembo sanayambire kwa ine. Dzulo lake anapita kwa a Sakala, anamupeza mwana wanga akutsimphina kumbuyo kwa ng'ombe, phazi litatupa ndi chitsa chimene chinamubaya kalekale, likununkha, popanda womutengera kuchipatala. Ankagona pakhonde la khitchini pafupi ndi khola. Anamutengera kukiliniki, anamutsuka bala, anagona komweko. Mwanayo sanapemphe china, ankangoti nditengereni kwa amayi, akandiona adzanditenga. Ndi iye amene ankalozera dalaivala njira, atagona kumpando wakumbuyo. Mayi Tembo anamuuza kuti adikire m'galimoto mpaka amuitane. Koma mwana amene wafika pamtengo wa mango wa kwawo mungamusunge m'galimoto? Dalaivala atatanganidwa ndi foni, iye anatsika.

Anaima pamenepo. Anayang'ana Dalitso, mafuta ali phuliphuli, atavala dzina lake. Anayang'ana ine. Sanalire, ndipo mpaka lero ndimati bola akanalira. Anatembenukira kwa Mayi Tembo, nati ndi mawu aulemu:

"Madamu, tiyeni tibwerere. Ndasokoneza nyumba. Si pano."

Ndinafuna kuitana dzina lake, koma dzinalo ndinali nditangolipereka kwa wina. A Lufeyo, eni mbumba aja, ndinangoona fumbi kuseri kwa bafa.

Mayi Tembo anathamanga, anamunyamula ngati khanda ngakhale anali wautali, anapita naye kugalimoto. Pobwerera nkhope yawo inali itasintha, koma sanandilalatire.

"Sindinafune kuti amve zimenezo, ndipo kumusiya ndi dalaivala ndalakwa ndine. Koma wamva. Lero sagona pano."

"Mundimanga?" ndinafunsa.

"Nkhani ya mabala aja ili kale kupolisi, ndi ya a Sakala. Inunso mudzafunsidwa, ndipo mukayankhe zoona. Koma ine ntchito yanga si kulanda ana, amayi. Mwana amakula bwino kwawo, ngati kwawoko kuli munthu. Manje pano palibe munthu, pali mowa. Munthu akadzapezeka, tidzakambirana."

Galimoto itapita, mukuganiza ndinalowera kuti? Kutchalitchi? Iyayi! Ndinalunjika m'chimanga kukatenga botolo limene ndinabisa. Podutsa pankhokwe ndinapunthwa pa kanthu. Ndinawerama. Kanali kang'ombe kadothi, tija amaumba abusa kudambo, kanyanga zake, kalinunda lake, kouma bwino. Ndi kamene anafumbata m'malaya. Pambuyo pake Mayi Tembo anandiuza kuti m'galimoto monse mwanayo ankada nkhawa kuti amayi akalipa poti ng'ombe yeniyeni sibweranso, ndiye awatengere imeneyi.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, dzuwa lili pamutu, ndinalira mokuwa ngati pagwa maliro. Nditatha ndinapita m'chimanga muja, ndinasenza mbiya, ndinaitula pakati pa bwalo. Makasitomala anga anali atayamba kale kusuzumira kuti aone ngati boma lapita. Ndinatenga musi, ndinaiphwanya pamaso pawo. Paipi ndinaipinda pamwala. Mmodzi, bambo wina amene ali muno koma sindimutchula, anati, "Aaa, Nabanda, ukanatigawirako kaye!" Ndinamuthamangitsa ndi musi womwewo mpaka kudambo.

Musaombe m'manja, kuphwanya mbiya nkosavuta. Chovuta ndi mawa lake. Thupi linayamba kunjenjemera, thukuta, kusanza, kuona zinthu zoyenda pakhoma. Ailedi, amene ndinamubera mwana kukanamizira boma, anabwera kudzanditukwana. Ananditukwana ndithu mpaka mawu anamuthera, kenako anandikweza pangolo kupita nane kukiliniki. Kumeneko anesi anandiuza kuti munthu womwa ngati ine akasiya yekha mwadzidzidzi atha kugwa nkukomoka. Anandipatsa mankhwala, anandiuza masiku obwerera. Ndiye chinthu choyamba ndi chimenecho: musadzitsekere m'nyumba kuti ndilimba ndekha. Pitani kuchipatala, mukanene mawu oti ndimamwa, osati ndikumva malungo.

Yotamu sanamutengere kutali monga timaopsezerana muja. Awelofeya amayamba afufuza wachibale woti angamusunge, ndipo amamufunsa mwanayo kumene mtima wake ungakhale pansi. Iye anatchula azakhali ake, a Tisauke, mlongo wa malemu bambo ake, amene amagulitsa zitumbuwa ku Sinda. Mayi Tembo anapita kukaona nyumba yawo, anafunsa oyandikana nawo, anamulembetsa sukulu komweko. Ine anandilola kukamuona, koma azakhali ake ali pomwepo, ndiponso ndisanalawe kanthu.

Ulendo woyamba ndinanyamula mbatata ndi nzimbe. Ndinamupeza atakhala pakhonde, phazi lili pampando. Anandiona, anagwira manja mwaulemu monga mwana wolangizidwa, nati:

"Muli bwanji, amake Dalitso?"

Abale, mkwapulo wa a Sakala sunafike pamenepo. Ndinafuna kukalipa, mukudziwa pakamwa panga, ndinafuna kunena kuti iwe, ndinakusenza m'mimba ine! A Tisauke anandigwira mkono. Ndinameza. Ndinayankha kuti ndili bwino, kaya iwe. Nzimbe sanadye.

Pobwerera ndinakhotera ku ofesi kwa Mayi Tembo, ndinalowa osagogoda. Ndinati mwana mwamuphunzitsa mwano, akunditchula amake Dalitso. Iwo anandiyang'ana, anati:

"Dzina limenelo mwamupatsa ndinu, amayi. Musamukakamize kukukhululukirani, musamulirire kuti akumvereni chisoni, musamulonjeze njinga. Mukati ndibwera Loweruka, bwerani Loweruka. Mwana amene wanamizidwa sakhulupirira pakamwa, amakhulupirira mapazi."

Ndiye ndinayenda. Minibasi ikasowa ndinkakwera njinga ya Ailedi, njinga ikaphulika ndinkayenda pansi. Mvula, dzuwa, ndinkafika. Ndinkamutsuka phazi ndi madzi amchere monga anandisonyezera anesi, iye akuyang'ana kumbali. Ndinkamuchapira yunifomu. Tsiku lina ndikumumanga bala ndinakamba osadzutsa mutu. Ndinati Yotamu, ndinakupereka kuubusa chifukwa cha mowa, sindinabwere kudzakuona, ndipo ndinakukana pamaso pa anthu. Si amalume ako, si umphawi, ndine. Anapitiriza kuyang'ana kumbali. Koma phazi sanalichotse m'manja mwanga.

Kunyumba ndinayamba moyo wina. Ailedi anandidulira kachigawo kudimba kwake, ndinabzala tomato ndi repu, ndinkapita nazo kumsika. Denga ndinafolera. Ndinagula mphasa ndi bulangete, ndinaziyala pakona paja panali gaga, ngakhale panalibe wogonapo. Mayi Tembo ankatulukira osanena tsiku. Ankandipeza kudimba, ankandiyandikira pokamba, ndipo ndinkadziwa kuti mphuno yawo ili pantchito. Ankalowa m'nyumba, ankavundukula miphika, ankacheza ndi oyandikana nane, ankapita kwa aphunzitsi. Zinkandinyansa, ndisaname. Munthu wamkulu kumakuvundukulira mphika! Koma nanga amene anabwereka mwana ndani?

Ndinagwanso kamodzi, ndipo ndikukuuzani kuti wina asadzandiululire. Panali sadaka ya apongozi ake a Ailedi, mowa uli mbwee, wina anandipatsa chipanda kuti ndingomudutsira kwa mnzake. Sichinafike kwa mnzakeyo. Loweruka limenelo sindinapite ku Sinda. A Tisauke anandiuza kuti mwanayo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, osanena kuti akudikira ndani. Nditamva zimenezo ndinapita ndekha kwa Mayi Tembo, ndinati ndamwa. Anati mwachita bwino kubwera nokha, koma kubwerera kwa mwana kwatalikirako. Kunatalikiradi. Kuyambira pamenepo pamowa sindikhalapo, kaya ndi ukwati, kaya ndi maliro. Ndimakathandiza kuphika, ndikaona zipanda zayamba kuyenda ndimanyamuka. Ena amati Nabanda wayamba kunyada. Nenani. Kunyada kwanga sikunasiyepo mwana pakhonde.

Tsopano mverani za alongo anga. Fumbi litatsika, a Lufeyo anaitanitsa abale onse akuchikazi pabwalo panga. Anakhala pampando, anaika chipewa pabondo, anayamba:

"Mwana wa mbumba yathu akusungidwa kuchimuna, manyazi amenewa! Tsono abale a a Sakala abwera kwa ine. Akuti tikakambe kupolisi kuti mabala aja anagwa mumtengo, mwana akachira abwerere akamalize kanthawi katsalako, ng'ombe itulukabe. Mlongo, ukauze amayi ako a ku boma aja kuti zapabanja timakonza tokha. Mwini mbumba ndine."

Onse anayang'ana pansi. Kwathu kuno mlongo wako akalamula za ana, mkazi umawomba m'manja. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka ndi kang'ombe kadothi kaja, ndinakaika pabondo pawo pafupi ndi chipewa.

"Alongo, ng'ombe yanu ndi iyi. Ikameni."

"Nabanda, ukunyoza ine?"

"Ndikukufunsani. Umwini mbumba wanu unali kuti phazi likuwola? Munapitako kangati? Tsiku lija mwana ataima pankhokwe, mwini mbumba anathawira kuseri kwa bafa, ndinakuonani! Mbumba ndi ana, alongo, si khola. Ine kupolisi ndinakanena kale zoona, ndi dzina lanu lomwe, ndipo sindikabweza. Yotamu sapondanso kwa a Sakala. Mukafuna msoti, ndodo ndi iyo, kawetani nokha, miyendo muli nayo, tinaiona mmene imathamangira."

Ailedi anaseka mpaka anagwa chammbali. A Lufeyo ananyamuka, anati kuyambira lero si ine mlongo wako. Mpaka pano satipatsa moni. Zimandiwawa, ndi magazi anga, tinayamwa bere limodzi. Koma kang'ombe kaja ndinawalanda asananyamuke, kali pashelefu kwanga.

Inu amene mwana wanu ali kukhola kwa eni, ndimvereni, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Musadikire galimoto ya boma. Nyamukani mawa, kamuoneni kumene amagona, muvuleni malaya muone msana, muoneni mapazi. Mukapeza zimene ndinapeza ine, mutengeni, ng'ombe isiyeni. Awelofeya akakufikirani, musabise mwana, musabwereke wa mnzanu, musatafune gwafa. Anthu aja pofika pakhomo panu amakhala atayenda kale, afunsa kusukulu, afunsa kukiliniki, amuona mwanayo. Funso limene akukufunsani yankho lake ali nalo, akungofuna kuona ngati pakhomopo pali munthu woti nkugwira naye ntchito. Ndipo ukamanama, sudziwa amene waima kuseri kwa nkhokwe.

Za amene anakanena ku boma, ndinakhala nthawi yaitali ndikumusaka kuti ndimutukwane. Ndinkayang'ana aliyense pachitsime kuti kapena ndi uyu. Mpaka lero sindimudziwa. Ngati uli muno, khala chete momwemo, usadzuke. Anthu akutche kazitape, akutche wamiseche, ine ndikuti unapulumutsa phazi la mwana wanga. Anesi anati likanachedwa pang'ono likanadulidwa. Yotamu amatsimphinabe kukazizira, koma mpira amamenya.

Nditsirize, ndaona apampando ayamba kuyang'ana dzuwa.

Inafika nthawi Mayi Tembo anati akambirana ndi anzawo, afunsa a Tisauke, amufunsanso mwanayo payekha, ndipo wavomera kubwera kudzayesa, iwo azidzatiyenderabe. Kudzayesa, osati kubwerera. Mpaka tsiku limenelo anali asananditchulepo amayi. Anali atasiya kunena amake Dalitso, koma ankangoyamba kukamba popanda dzina, ngati mmene timachitira ndi munthu amene tamuiwala.

Tsiku loti abwere ndinadzuka kukonza pakhomo. Sindinamange duku yakutchalitchi, sindinatafune kanthu. Ndinaima pakhomo ndi zovala zakudimba. Galimoto inaima pamtengo wa mango womwe uja. Dalaivala anali wina, wachilendo, wosadziwa mudzi wathu. Anatsika, anatenga chikwama cha mwanayo ndi thumba la ufa limene a Tisauke anamupatsa, anayang'ana nyumba zathu zofananazi, anakuwa:

"Iwe mnyamata, katunduyu ndipite naye nyumba iti?"

Ndinagwira chitseko. Mawu aja a tsiku lija anandibwerera onse, akuti ndasokoneza nyumba, si pano.

Yotamu anatsika pang'onopang'ono, anaponda pansi ndi phazi lake lija, anayang'ana nkhokwe, anayang'ana ine. Kenako analoza ndi chibwano monga amachitira anyamata, ngati palibe nkhani:

"Iyo yofolera kumeneyo. Pamene paima amayi anga."

Ndiye inu awiri a pazenera, mukatuluka muno kakambeni zonse, musasiyeko kanthu, ndi za gwafa zomwe. Koma ponditchula mutchule bwino. Mwini dzina anandibwezera yekha.